Kodi baisikopo ya 1935 idapita kuti?

Awa ndi mawu amene adalankhulidwa kwa aphunzitsi, alimi ndi ana a sukulu pa Nkhamenya, m'boma la Kasungu. Tawasindikiza monga momwe adalankhulidwira.

 Andinong'oneza kuti ndisatalikitse poti ena mwasiya fodya m'zigafa, choncho ndilowa m'nkhani mosazungulira.

Ndabwera kudzalankhula za akanema amene palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife adawaonerapo. Ena mwa iwo adaonetsedwa m'dziko muno m'chaka cha 1935, agogo athu adawaonera, adaseka, ena adakwiya nawo, kenaka akanemawo adasowa ngati mame. Onse pamodzi adalipo 35. Lero atsala atatu okha, ndipo atatuwo sali kuno, ali ku London m'nyumba yosungira akanema ya British Film Institute.

Nkhani yake idayambira ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia. Mmishonale wina wa ku America, dzina lake John Merle Davis, adatumidwa ndi bungwe la International Missionary Council kukafufuza za moyo wa anthu a m'makomboni a pa mgodi, ndipo adatulutsa buku la zomwe adapeza m'chaka cha 1933. Mwa zina, bamboyu adada nkhawa ndi akanema a ku America amene anyamata a pa mgodi ankaonera, a anthu okwera pa akavalo ndi kuomberana mfuti. Adaganiza kuti ndi bwino munthu wakuda apangiridwe akanema akeake omuphunzitsa. Musaiwale kuti ambiri mwa anyamata a pa mgodiwo adali ochokera kuno. Komiti imene boma la Nyasaland lidakhazikitsa m'chaka chomwecho cha 1935 idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a dziko lino adali kunja kukagwira ntchito, ndipo maboma a Kasungu ndi Mzimba ndi ena mwa amene adatuma ana awo ambiri. Mawu oti matchona sitichita kuwafotokozera munthu wa pa Nkhamenya.

Ndalama zambiri zidachokera ku bungwe la Carnegie la ku New York, ndipo ntchitoyo idatchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Adaiyendetsa azungu awiri. Woyamba adali Major Notcutt, yemwe adagwirapo ntchito m'minda ya khonje ku East Africa, ndipo ndiye ankajambula. Wachiwiri adali a Latham, amene kale adali mkulu woyang'anira maphunziro a anthu akuda ku Northern Rhodesia, ndipo ndiwo ankayenda ndi akanemawo kukaonetsa. Malo ojambulira adawamanga pa Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika. Ochita sewero adali anthu akuda.

Akanemawo adali osalankhula. Pa filimu padali zithunzi zokha. Mawu ofotokoza nkhani adawajambula padera pa mbale za galamafoni, m'zinenero zingapo, kuphatikizapo Chiswahili, Chibemba, Chinyanja ndi Chitumbuka. Pofika pa malo, ankaimika chinsalu, kuliza injini ya magetsi imene inkayenda pa lole, ndi kusankha mbale ya chinenero cha anthu a pamalopo. Pa ulendo woyamba, umene udayamba chakumapeto kwa 1935, loleyo idayenda mamailosi pafupifupi 9,000 kudutsa Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda, ndipo anthu pafupifupi 80,000 adaonera.

Taganizani bwino pamenepa, inu a pa Nkhamenya, kumene munthu amagula mchere m'Chichewa n'kulandira chenji m'Chitumbuka. M'chaka cha 1935 padapezeka munthu amene adaima patsogolo pa makina n'kulankhula Chitumbuka kuti chimveke pa baisikopo. Patapita zaka 33, m'chaka cha 1968, boma lathu lomwe la ufulu lidachotsa Chitumbuka pa wailesi ya MBC ndi m'nyuzipepala za boma, ndipo chidabwereranso m'chaka cha 1994 matipate atalowa. Ndani mwa ife adamvapo mawu a munthu wa pa mbale uja? Ndani angatchule dzina lake?

Tsono nkhani za m'akanemamo zidali zotani? Pafupifupi onse adali ndi mafupa amodzimodzi: pali munthu wanzeru amene amamvera boma, pali chitsiru chimene chimakakamira za makolo, ndipo pamapeto chitsirucho chimalira. M'modzi mwa akanema oyambirira, wotchedwa Post Office Savings Bank, amuna awiri alandira malipiro awo. Wina akakwirira ndalama zake pansi m'nyumba, wakuba amuona, ndalama zipita. Mnzake akasungitsa ku positi ofesi ndipo agona tulo tabwino. Padali wina wotchedwa The Chief, wonena za kulimbana kwa zakale ndi zatsopano pa mudzi wa mfumu. Padali wolimbikitsa anthu kumwa tiyi. Padalinso wina wotchedwa Tax, wofotokoza ubwino wa msonkho.

Pa kanema wa msonkhoyu ndiime pang'ono. M'mwezi wa Meyi 1935, anthu ogwira ntchito m'migodi ya Mufulira, Nkana ndi Luanshya adanyanyala ntchito chifukwa boma lidakweza msonkho mwadzidzidzi. Pa Luanshya apolisi adaombera, anthu asanu ndi mmodzi adafa. Patangopita miyezi yochepa, lole ija idafika kudzaonetsa anthu omwewo chithunzi chowauza kuti msonkho ndi wabwino, umamanga misewu ndi zipatala. Kanema ameneyu ndi mmodzi mwa amene adasowa. Atatu otsalawo ndi wa matenda a njoka za m'mimba, wa maphunziro a alangizi a ziweto, ndi wa minda ya alimi pa Kingolwira ku Tanganyika. Amasewero aja, a wakuba, a mfumu, a msonkho, omwe anthu ankaseka nawo ndi kukangana nawo, ndiwo adapita.

Wina angafunse kuti, nanga tikudandaula chiyani? Si akanema onyoza munthu wakuda amenewa? Akasowa si bwino? Funsoli ndi lomveka, ndipo ineyo sindikuwaikira kumbuyo. Adali onyoza ndithu. Koma mlandu suweruzidwa mboni itathawa. Kanema wa msonkho uja akadakhalapo, bwenzi aphunzitsi a mbiri pano akumuonetsa kwa ana a Fomu 3 n'kuwafunsa kuti, taonani mmene boma limalankhulira ndi anthu likangotha kuwaombera, kodi kalankhulidwe kameneka mudakamvanso kwina? Komanso m'zithunzimo mudali anthu enieni. Mzungu adalemba nkhani, inde, koma kayendedwe, kavalidwe, kamangidwe ka nyumba, mmene mayi ankaberekera mwana, mmene mwamuna ankagwirira khasu, zonsezo mzungu sadalembe. Zidali za anthuwo, ndipo zidapita limodzi ndi filimu.

Kuti muone kuti vutoli si lathu lokha, ndikutengereni kutali pang'ono, ku Australia. Dziko limeneli lidayamba msanga kupanga akanema. Pa 26 Disembala 1906, mu mzinda wa Melbourne, adaonetsa The Story of the Kelly Gang, nkhani ya chigawenga chotchuka Ned Kelly, ndipo ambiri amati ameneyu ndiye kanema woyamba wautali pa dziko lonse. Ankatenga nthawi yoposa ola limodzi. Lero zatsala mphindi pafupifupi 17, zidutswazidutswa, zina zotoledwa kudzala. M'chaka cha 1911 a Raymond Longford adajambula kanema wawo woyamba, The Fatal Wedding, momwe mudali mtsikana wotchuka Lottie Lyell. Idali nkhani yogwetsa misozi: mkazi wachiwembu apasula banja la eni, mayi wa ana athawa ndi ana ake n'kukavutika mu umphawi, ndipo choonadi chidzaululika pa tsiku la ukwati wa mkazi wachiwembuyo. Anthu adakhamukira kukaonera, eni ake adapeza phindu lalikulu. Lero kanemayo kulibe. Tikudziwa nkhani yake chifukwa cha zolemba za m'nyuzipepala za nthawiyo. Mwa akanema onse osalankhula amene dziko la Australia lidapanga, oposa 90 pa 100 alionse adasowa.

Adasowa bwanji m'dziko lolemera chotere? Choyamba ndi filimuyo. Ya masiku amenewo inkapangidwa ndi mankhwala otchedwa nitrate, amene amayaka kuposa udzu wa mu Okutobala, ndipo ikakhalitsa imanyata, kenaka imasanduka fumbi. Chachiwiri ndi malonda. Kanema akatha kubweretsa ndalama, eni ake ankamuona ngati katundu wodzaza nyumba, ndipo akanema olankhula atafika cha m'ma 1930 osalankhulawo adasanduka zinyalala. Chachitatu ndi boma. M'zaka za 1911 ndi 1912 maboma a zigawo zingapo za dzikolo adaletsa akanema a zigawenga zonga Ned Kelly, ati amanyozetsa apolisi. Chinthu chikaletsedwa palibe amene amachisamala, aliyense amafuna chichoke m'nyumba mwake.

Koma anzathuwo adadzidzimuka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 adayambitsa ntchito yotchedwa The Last Film Search. Adatuma munthu kuyenda ndi galimoto m'matauni ndi m'mafamu kufunsa anthu ngati ali ndi zitini za filimu m'magalaja ndi m'nkhokwe. Adapeza zambiri. M'chaka cha 1984 adakhazikitsa nyumba yapadera yosungira akanema ndi mawu ku Canberra. Zambiri zidali zitawonongeka kale, koma zotsalazo adazipulumutsa.

Tibwerere kwathu. Akanema a 1935 aja sadali a nitrate. Adali a filimu yaing'ono ya mamilimita 16, imene siyaka msanga. Koma nayonso ili ndi nthenda yake. Ikakhala pa malo otentha ndi a chinyontho imayamba kununkha ngati viniga, imakwinyika, imauma, mpaka singalowenso m'makina. Mbale ya galamafoni nayo ikangogwa yasweka. Ndipo ntchito ija itatha m'chaka cha 1937, maboma a atsamunda sadafune kuikapo ndalama zopitirizira. Panalibe ofesi ya munthu wakuda imene ikadati, tipatseni tisunge. Eni nkhope adalibe mawu pa zithunzi zawo.

Ntchito yotere idadzukanso m'chaka cha 1948, pomwe adakhazikitsa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, yotumikira Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Akanema ake oyamba adalinso osalankhula, ndipo munthu womasulira ankaima pambali pa chinsalu kufotokoza. Achikulire ena muno mudawaonera amenewa. Padali Mulenga Goes to Town, wa mnyamata amene adatumidwa kutauni kukagulitsa nkhuku n'kupusitsidwa. Padali Zimbani, wojambulidwa ku Petauke kutsidya kwa malire kuno, wonena za ulimi wa fodya. Mafupa ake adali omwe aja, wanzeru ndi chitsiru. Chitaganya chitabwera m'chaka cha 1953, magalimoto omwewo adayamba kunyamula nkhani zotamanda Chitaganya, ndipo anthu m'malo ambiri adayamba kuwakana. Bungweli lidatha pamodzi ndi Chitaganya m'chaka cha 1963. Akanema ake ambiri adapulumuka, koma ali ku National Archives ya ku Zimbabwe, ku Harare. Mwana wa ku Kasungu wofuna kuona mmene agogo ake ankaonekera m'chaka cha 1950 ayenera kukhala ndi pasipoti.

Kunena zoona, kutaya zinthu sitidayambe ndi akanema. M'mwezi wa Febuluwale 1919 moto udatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda zidapsa, zaka zinayi zokha chichitikire nkhondo ya John Chilembwe. Koma moto ndi ngozi. Chimene chimandiwawa ine ndi zithunzi zimene sizidajambulidwe n'komwe, chifukwa wogwira kamera adauzidwa koloza.

Titalandira ufulu m'chaka cha 1964, kamera idachoka m'manja mwa bwanamkubwa n'kupita m'manja mwa chipani. M'chaka cha 1968 adakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments, ndipo kanema aliyense, buku lililonse, sewero lililonse linkayenera kudutsa pa bodi ya boma. Wailesi ya kanema dziko lino lidalibe mpaka 1999. Zithunzi zoyenda zimene munthu wa kumudzi ankaona zinkabwera pa galimoto ya boma. Ambiri a msinkhu wanga tikukumbukira magalimoto achikasu a unduna wa malimidwe, obwera ndi zidole masana ndi kanema usiku. Tinkasangalala nawo, ndisaname, ndipo ena adaphunzirapo kabzalidwe kabwino. Koma yang'anani nkhani yake: mchikumbe amene wamvera mlangizi, ndi mnansi wake waulesi amene munda wake wadzaza udzu. Wanzeru ndi chitsiru aja a pa Vugiri adangosintha malaya.

Ndipo kamera ikafika kuno ku Kasungu inkaloza kuti? Inkaloza a Ngwazi akuyendera mbewu m'minda, mbumba ikuvina, chimanga chobiriwira chimene chidasankhidwiratu. Inkaloza mabani a fodya m'maesiteti akuluakulu a Press Farming ndi General Farming. Inkaloza Kamuzu Academy pa Mtunthama, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1981. Zimenezo zidajambulidwa, ndipo ndi bwino kuti zisungidwe, chifukwa nazonso ndi mbiri. Koma tenanti wochokera ku Mulanje kapena ku Thyolo, amene ankabwera pa lole ndi mkazi ndi ana, kulandira chimanga pa ngongole chaka chonse, n'kudzauzidwa pogulitsa kuti ngongole yadya fodya yense, adamujambula ndani? Mpaka 1990 mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale m'munda mwake momwe, pamene esiteti yoyandikana nayo inkatumiza mabelo ku okushoni. Chithunzi cha mlimi ameneyo akuyang'ana fodya wa eni kuseri kwa waya chili kuti? Ayufi atatseka pa chipata cha msika kufunsa makadi a chipani, a Mboni za Yehova akuthawira ku Sinda Misale ku Zambia m'chaka cha 1972, aphunzitsi a kumpoto akulongedza katundu m'chaka cha 1989 atalamulidwa kubwerera kwawo, ambiri a iwo kudutsa pa msewu womwewu wa M1 pa Nkhamenya pano: kodi galimoto ya kanema idaimapo kuti ijambule?

A Aaron Gadama adali mwana wa boma lino. M'mwezi wa Meyi 1983 adaphedwa ku Mwanza pamodzi ndi a Dick Matenje, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, ndipo dziko lidauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Padatenga zaka 11 kuti komiti yofufuza ikhale pansi, m'chaka cha 1994, ndipo pa mlandu wa 1995 oimbidwa mlandu adamasulidwa. Zambiri zimene tikudziwa za imfayi zidachokera pakamwa pa anthu amene adaona ndipo adali akadali moyo. Akadachedwa zaka zina 20, bwenzi nkhaniyo ili ngati The Fatal Wedding, yodziwika mutu wokha.

Pali ena pakati pathu, ndiponso ena amene adzawerenge mawuwa m'tauni, amene mudakhala zaka zambiri ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare, ku London, n'kubwerera lamulo lokhululukira othawa kwawo litaperekedwa m'chaka cha 1993. Kwa inu ndili ndi dandaulo, ndipo mundikhululukire poliika poyera. Mudabwera ndi masutikesi a makalata, timapepala ta zipani zimene zidali zoletsedwa, zithunzi za misonkhano ndi za maliro a anzanu amene adaikidwa kuchilendo, matepi a mawu. Zaka zoposa 30 zadutsa. Ambiri mwa anzanu adatisiya, ndipo masutikesi aja ana awo adawatsegula, adapeza mapepala achikasu, adayatsira mbaula. Sindikuwadzudzula anawo, palibe adawauza kuti n'chiyani. Inu amene mukadalipo mumadziwa njira ya ku Harare ndi ku London kuposa ife, muli ndi adzukulu amene amagwira ntchito kumeneko. Kupempha kuti dziko lino lipatsidwe makope a akanema amene adajambulidwa m'Nyasaland si ntchito yofuna nkhondo. Masiku ano filimu amaisamutsira pa kompyuta, ndipo ola lathunthu la kanema limakwana pa kachipangizo kochepa ngati chala. Chofunika ndi munthu wolemba kalata ndi kuikakamira, ndiponso aphungu amene angafunse m'Nyumba ya Malamulo kuti National Archives yathu ya ku Zomba imapatsidwa ndalama zingati pa chaka zosamalira zitini zimene ili nazo.

Ndipo ife a kuno tisadikire za ku London zokha. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Zimene zili m'manja mwathu ndi izi: m'nyumba za mamishoni, m'maofesi akale a maesiteti, m'masitolo a sukulu ndi m'mabokosi a agogo muli zithunzi, mabuku a ngongole za matenanti, makadi a chipani, mwinanso zitini za filimu. Buku la ngongole la esiteti limodzi lokha likhoza kuuza mdzukulu wathu zambiri za Kasungu wa 1978 kuposa kanema yense wa boma wa chaka chimenecho.

Mukapeza chitini cha filimu, chonde musachiike pa dzuwa ndipo musachisiye pansi pa malata kapena pafupi ndi bani. Musayese kuchiliza pa makina akale, chifukwa filimu youma imaduka mano a makina akangoigwira. Musapatse ana kuti aziseweretsa. Chikamanunkha viniga, chipatuleni kwa zinzake, poti nthendayo imapatsirana. Lembani pa pepala kumene mwachipeza ndi mawu onse amene alembedwa pa chivundikiro, ndipo kachisiyeni pa malo ozizira ndi ouma kufikira atapezeka wodziwa. Zithunzi za pa pepala, lembani kumbuyo kwake ndi pensulo, osati bolopeni, maina a anthu ndi chaka, mwini wake akadali ndi maso oti n'kuwazindikira.

Ana a sukulu, ambiri a inu makolo anu ali ndi foni yojambula mawu. Ndapempha aphunzitsi anu kuti tikatha pano mukhale awiriawiri. Agogo amene mudaonerapo baisikopo ya pa galimoto nthawi ya Chitaganya isadafike kapena ili mkati, ndikupemphani musathamangire kunyumba. Tsalani pansi pa mtengo apo, anawa akufunseni: chinsalu adachiimika pati, womasulira adali wa chinenero chanji, nkhani yake idali yotani, ndipo anthu adaseka pati. Yankhani m'chinenero chimene mukufuna, Chichewa kapena Chitumbuka.